Ku Joni sindinkaphunzitsa

 Lero nkhani ndi yaitali, ndipo mbali ina ndi yochititsa manyazi, choncho pezani pokhala.

Pa 25 Novembala 2023 achinyamata 221 a kuno kwathu anakwera ndege kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel, ndipo ena anatsatira pambuyo pake. Mmodzi mwa otsatirawo ndi mnyamata amene ndinamuphunzitsa History mu Fomu 3 ndi Fomu 4. Atakhalako milungu ingapo ananditumizira uthenga pa WhatsApp: "Aphunzitsi, kuno n'kodabwitsa. Lachisanu dzuwa likangopendeka mabasi amasiya kuyenda, mashopu amatseka, mpaka Loweruka usiku. Maliro si maliro, sitalaka si sitalaka." Ndinamuyankha kuti imeneyo ndi Sabata ya Ayuda. Ndinamuuza za makandulo, za mikate iwiri yoluka, ndinamuchenjezanso kuti m'mwezi wa Epulo asadzadabwe buledi akadzasowa kwa sabata yathunthu. Iye anati, "Koma zonsezi mukuzidziwa bwanji?" Ine ndinati, "Mphunzitsi amawerenga."

Linali bodza. Sindinaziwerenge. Ndinaziona ndi maso angawa, nditagwira nsalu yopukutira mbale.

Chaka cha 2007 ndinali nditaphunzitsa zaka zitatu pasukulu ina ya CDSS cha ku Ntaja. Bambo anadwala nthawi yaitali n'kumwalira, ndipo matenda ndi maliro zinandisiyira katapila amene malipiro anga sakanamutha. Mwezi ukatha ndinkangolandira ndi dzanja ili n'kupereka ndi linali. Kwathu kuno mukudziwa, mnyamata zikamuthina sayang'ana ku Lilongwe, amayang'ana ku Joni. Agogo anga anapita pa Wenela, amalume awiri anapita pa Theba isanatsekedwe kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Mu Ogasiti ndinasiya choko, ndinasiya mkazi ndi mwana wa miyezi isanu ndi itatu, n'kukwera basi: Mwanza, Zobue, Tete, Nyamapanda, Beitbridge, mpaka Park Station. Dipuloma yanga ndinaikulunga m'pulasitiki n'kuiika pansi pa chikwama. Palibe anaifunsa.

Anandilandira ndi msuweni wanga, mwana wa amalume a ku Nselema, Msilamu wosaphonya swala, amene ankasoka zovala ku Alexandra. Patatha milungu iwiri anandipezera malo a Mmalawi wina amene ankabwerera kumudzi. Ntchito inali ku Glenhazel, dera limene kumakhala Ayuda ambiri osunga mwambo: kutchetcha kapinga, kusesa masamba, kutsuka galimoto ndi dziwe losambiramo, ndipo pa masiku a zikondwerero kuthandiza kukhitchini. Dzina la ntchitoyo mukulidziwa, tisazungulire: gadeniboyi. Anandipatsa kachipinda kuseri kwa galaja.

Pakhomopo panali bwana, madamu, ana atatu, ndi mayi ake a bwana, gogo wa zaka pafupifupi 80 amene aliyense ankamuitana kuti Bobba. M'khitchini munali mayi wina wa ku Limpopo amene anali atagwirapo zaka zambiri. Ine ndinkangoti Sisi. Kufikira tsiku limenelo Ayuda ndinkawadziwira m'Baibulo mokha, ndipo m'mutu mwanga anali anthu a mikanjo a ku Yudeya. Sindinkadziwa kuti ku South Africa aliko ochuluka ndithu, kafukufuku wa mu 2019 anapeza pafupifupi 52,000, ndiponso kuti ambiri makolo awo anachokera ku Lithuania pakati pa 1880 ndi 1930. Joe Slovo, amene timamutchula pophunzitsa za nkhondo yolimbana ndi tsankho, anabadwira ku Lithuania komweko. Makolo a Helen Suzman nawonso anali ochokera kumeneko.

Phunziro loyamba linali la kukhitchini. Munali masinki awiri, mapoto a magulu awiri, mbale ndi masupuni a magulu awiri. Zofiira ndi za nyama, zabuluu ndi za mkaka, ndipo siziyenera kukumana. Munthu akadya nyama amadikira maola angapo asanamwe tiyi wamkaka. Nkhumba sadya, nyama iyenera kuzingidwa ndi munthu wophunzira ntchitoyo ndipo magazi amachotsedwa ndi mchere. Izi sizinandivute kumvetsa, ndinakulira pakati pa abale amene sadya nyama yosazinga shehe. Pa nsomba amadya yokhala ndi mamba ndi zipsepse. Ndiye kuti chambo chadutsa, koma mlamba wa ku Chilwa, umene ndinkaulota usiku uliwonse, walephera mayeso. Mawu ake a zonsezi ndi kosher. Tsiku lachitatu ndinatakasa tiyi wamkaka ndi supuni yofiira. Madamu anakuwa ngati aona njoka m'nyumba, supuni inakaviikidwa m'madzi owira, ndipo ine ndinakagona ndikuganiza kuti ntchito yatha.

Phunziro lachiwiri linali Sabata. Lachisanu pakhomopo pankakhala ngati pa Liwonde basi ikamanyamuka. Kuphika konse kuthe, nsapato zipolishidwe, madzi a tiyi adzazidwe m'chiketulo chachikulu chimene chikhale chotentha mpaka mawa, kababu ka mufiriji kamatidwe kuti kasayake potsegula. Kutatsala mphindi 18 kuti dzuwa lilowe, madamu ndi Bobba ankayatsa makandulo n'kuphimba maso ndi manja. Basi, phokoso lonse zii. Foni, wailesi, galimoto, ndalama, cholembera, zonse pansi. Amuna ankapita wapansi kusunagoge, kumene iwo amati shul, pobwera n'kudalitsa ana mmodzimmodzi atawagwira pamutu, kudalitsa vinyo, n'kunyema mikate iwiri yoluka imene Ayuda a ku South Africa amaitcha kitke. Bwana amene mkati mwa sabata ankadya ataimirira foni ili kukhutu, tsiku limenelo ankakhala patebulo maola atatu, kucheza ndi ana ake.

Chimene Sisi anaiwala kundiuza n'chakuti pa Sabata sangakhudze switchi, komanso mwambo suwalola kutuma munthu wina mwachindunji kuti awakhudzire. Usiku wina madamu anandipeza pakhonde n'kunena kuti, "M'chipinda cha Bobba mwatentha kwambiri." Ine ndinati, "Inde madamu, mwatenthadi." Anabwereza kachiwiri, ine n'kuvomeranso mwaulemu wonse. Sisi anachita kunditsina: "Kazimitse hita, munthu iwe!" Safunsa anadya phula.

Mu Seputembala munabwera zikondwerero zotsatizana. Chaka chatsopano chawo, Rosh Hashanah, chinayamba madzulo a pa 12, sabata yomweyo imene msuweni wanga anayamba kusala Ramadan. Onse awiri amawerenga miyezi poyang'ana mwezi wakumwamba. Kusiyana kwake n'kwakuti Ayuda amawonjezera mwezi wa 13 kasanu ndi kawiri pa zaka 19 zilizonse kuti zikondwerero zisachoke panyengo yake, pamene Ramadan imabwerera m'mbuyo masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse. Ana ankadya maapozi oviika mu uchi kuti chaka chikome, ndipo m'mawa ndinkamva lipenga la nyanga ya nkhosa likulira. Pa 22 panali Yom Kippur, Tsiku la Chitetezo: maola 25 osadya, osamwa ngakhale dontho, atavala zoyera ndi nsapato zosakhala zachikopa. Tsikulo lisanafike munthu amayenera kupepesa kwa aliyense amene anamulakwira, chifukwa amati Mulungu sakhululuka mlandu wa pakati pa anthu awiri wolakwayo asanapite kwa mnzake. Madamu anandipeza ndikuthirira maluwa n'kundipepesa chifukwa cha kukuwa kuja kwa supuni. Ndinasowa poyang'ana. Chibadwire changa ndinali ndisanapepesedwepo ndi wondilemba ntchito, ndipo kunena zoona inenso ndinali ndisanapepesepo mwana wasukulu.

Patangotha masiku ochepa bwana anandiitana kuti timange chisakasa kuseri kwa nyumba. Chinali Chikondwerero cha Misasa, Sukkot, chokumbukira zaka zimene makolo awo ankagona m'misasa m'chipululu. Denga liyenera kukhala la masamba, lothina moti pakhale mthunzi koma lotakasuka moti nyenyezi zizioneka. Apa ndiye mwana wa ku Ntaja ndinaonetsa ukatswiri. Bwana ankawerenga malangizo papepala, ine ndikumanga ngati dindiro la kumunda kwa agogo. Sabata yathunthu anthu a nyumba ya matailosi ankadyera m'chisakasa, mvula yoyamba ikuwopseza. Ndinaseka chamumtima: ife tikuthawa udzu kufuna malata, eni malata akufuna udzu. Bobba anandiona ndikumwetulira. Anati, "Munthu akakhuta amaiwala kuti nyumba imatha kumuthawa. Timatuluka dala kuti tisaiwale."

Koma chimene ndakhalira pansi kuti ndilembe ndi Pasika, imene iwo amati Pesach. Mu 2008 inayamba Loweruka madzulo pa 19 Epulo, patatha pafupifupi mwezi ife Akhristu titachita kale yathu pa 23 Malichi, chifukwa chaka chimenecho chinali ndi mwezi wowonjezera uja. Milungu itatu tinakhala tikukolopa. Kwa masiku asanu ndi atatu m'nyumba simuyenera kupezeka kanyenyeswa kalikonse ka buledi, bisiketi kapena chilichonse chofufumitsa. Tinasuntha makabati, tinakutumula matumba a majekete, ndinapukuta mpaka pansi pa mipando ya galimoto. Mbale zonse zinatsekeredwa, n'kutsitsa zina zimene zimagwira ntchito sabata imeneyi yokha. Lachinayi usiku bwana ndi ana anayenda m'nyumba monse ndi kandulo ndi nthenga kufunafuna zotsalira, ndipo Lachisanu m'mawa ine ndinasonkha moto m'mgolo woziwotchera.

Usiku wa mgonero, umene amautcha seder, patebulo panakhala anthu pafupifupi 20. Ine ndi Sisi tinali pakhomo la khitchini. Pakati pa tebulo panali mbale yokhala ndi fupa lowotcha, dzira, ndiwo zamasamba, muzu wowawa wotulutsa misozi, ndi phala la maapozi, mtedza ndi vinyo looneka ngati dothi loumbira njerwa. Pambali panali madzi amchere ndi mikate itatu yopyapyala yopanda chofufumitsa, matzah. Aliyense anali ndi buku lotsogolera mwambowo, Haggadah. Ndinkayembekeza kuti bwana ayamba kulalikira. M'malo mwake kamnyamata ka zaka zisanu ndi chimodzi, kachitsiriza ka pakhomopo, kanaimirira pampando n'kuyamba kufunsa moimba. Kanafunsa chifukwa chake usikuwo akudya mkate wosafufumitsa wokha, chifukwa chake akudya zowawa, chifukwa chake akuviika chakudya kawiri, ndi chifukwa chake akudya atatsamira. Nkhani yonse ya ukapolo wa ku Iguputo ndi kutulukamo kwake inabwera ngati yankho kwa mwana ameneyo.

Anzanga, ndinaima pamenepo nsalu ili m'manja, n'kuzindikira kuti ndikuonerera phunziro. Zipangizo zophunzitsira zili pambale, ndipo mwana amachita kuzilawa: misozi ndi madzi amchere, ukapolo ndi muzu wowawa, njerwa za Farao ndi phala lija, changu cha ulendo ndi mkate umene sunadikire kufufuma. Potchula miliri khumi aliyense ankachotsa dontho la vinyo m'kapu mwake, chifukwa chimwemwe sichiyenera kudzaza pamene ena anafa, ngakhale anali adani. Kuti ana asagone, bwana anabisa chidutswa cha matzah, ndipo mgonero sungathe mpaka ana atachipeza n'kulandira mphoto. Bukulo limanenanso za ana a mitundu inayi: wanzeru, wamwano, wofatsa, ndi wosadziwa n'komwe kufunsa. Aliyense ali ndi kayankhidwe kakekake, ndipo wotsirizayo wamkulu ndiye ayenera kumuyambira. Ku koleji tinaloweza zambiri za kuika wophunzira patsogolo, tinalemba mayeso n'kukhoza. Koma ndinadzaziona zikuchitikadi ndili gadeniboyi. Ndipo mwana wachinayi uja ndinamudziwa nthawi yomweyo. Ndi amene wadzaza mabenchi akumbuyo m'makalasi athu, amene tikafunsa kuti "Pali funso?" amayang'ana pansi, ife n'kupitiriza mokondwa.

Atatha za Mose, Bobba anayamba zake. Bambo ake anali munthu wophunzira kwambiri malemba kwawo ku Lithuania. Atafika ku South Africa m'zaka za m'ma 1920 palibe anafunsa za maphunziro awo. Anasenza mtolo wa singano, ulusi ndi mabatani n'kumayenda wapansi m'mafamu a Mabunu, kugona m'makola, kulumidwa ndi agalu. Ogulitsa oterewa ankatchedwa smous. Ankasunga ndalama kuti aitanitse azichemwali awo, koma lamulo la 1930 linachepetsa kwambiri Ayuda a kum'mawa kwa Ulaya ololedwa kulowa. Makalata anasiya kubwera mu 1941. Pa Ayuda khumi aliwonse a ku Lithuania, oposa asanu ndi anayi anaphedwa m'nthawi ya Hitler. Bobba anatchula mayina a azakhali akewo limodzilimodzi, ndipo zidzukulu zinkatchula naye, kusonyeza kuti zinamva nkhaniyi chaka ndi chaka. Palibe anachita manyazi ndi mtolo wa singano uja. Bwana, munthu wa maofesi ndi magalimoto awiri, ankaunena ngati mendulo.

Musaganize kuti ndinali m'paradaiso. Alendo anapita pakati pa usiku, ife tinatsuka mbale mpaka cha m'ma 2 koloko. Sisi, manja ali m'thovu, anati, "Anzathu atuluka mu Iguputo, ife atisiyira mapoto." Tinaseka mpaka misozi, koma munali choonadi m'nthabwalayo. Anthu akhoza kuimba za ufulu usiku wonse osaona bwinobwino amene waima pakhomo la khitchini.

Kunja kwa Israel mgonerowu umachitika kawiri. Usiku wachiwiri ndikuchotsa mbale za supu, kamnyamata kaja, kamene ndinkakathandiza masamu mobisa, kanandigwira malaya n'kufunsa mokweza: "Kodi inunso kwanu munali akapolo?" Patebulo panangoti zii. Madamu anafiira nkhope n'kuyamba kukaletsa. Bobba anakweza dzanja: "Usiku uno mwana saletsedwa kufunsa." Onse anandiyang'ana. Ine mphunzitsi wa History, amene ndinalembetsa manotsi a malonda a akapolo kwa zaka zitatu, amene ndikudziwa kuti misewu ya akapolo yopita ku Kilwa ndi ku Quelimane inkadutsa m'dera lathu lomwe lino, kuti mayina a Kawinga, Liwonde ndi Jalasi ali m'mbiri imeneyo mpaka nkhondo za Harry Johnston za m'ma 1890, ndinasowa mawu. Potsiriza ndinati, "Ena anagwidwa, ena ankagwira anzawo. Ine ndine mdzukulu wa onse awiri." Bobba anagwedeza mutu n'kufunsa, "Ana ako umawauza?" Ndinati mwana wanga akadali wakhanda. Anati, "Akula."

Patangotha milungu itatu, pa 11 Meyi 2008, ku Alexandra kunabuka chipolowe chothamangitsa alendo. Chinafalikira m'madera ambiri ndipo anthu 62 anaphedwa. Kuchokera ku Glenhazel kupita ku Alexandra ndi mtunda waufupi kwambiri. Msuweni wanga anamuthyolera chitseko, makina osokera anatengedwa, iye n'kuthawa ndi malaya a pathupi. Kwa masiku angapo foni yake sinkagwira. Loweruka masana anandiimbira ndi foni yobwereka, akunong'ona. Anali atabisala ndi anzake awiri m'fakitale ina yakale cha ku Marlboro, mmodzi atatemedwa pamutu, ndipo anyamata a zikwanje ankazungulira chapafupi.

Linali Sabata. Banja linali patebulo. Ndinaima pakhomo lomwe lija la khitchini, osadziwa poyambira, popeza ndinali nditaona miyezi isanu ndi inayi kuti munthu uyu sakhudza ngakhale kiyi wa galimoto pa tsikuli. Ndinafotokoza. Bwana anakhala chete kanthawi, ndipo ndinaona mantha pankhope pake. Bobba analankhula mawu ochepa m'chinenero chawo cha Yiddish. Bwana anaimirira, anatenga makiyi, tinanyamuka. Njira yonse sanalankhule. Tinawapeza, tinakasiya wovulalayo kuchipatala, ndipo msuweni wanga ndi mnzake anagona m'galaja milungu iwiri. Madamu ankawatumizira chakudya, ndipo msuweni wanga, amene ankakayikira nyama ya paliponse mu Joni, ya m'nyumba imeneyo ankadya mtima uli m'malo. Ankayala katoni n'kuswali pafupi ndi matayala a galimoto. Pambuyo pake bwana anandiuza kuti m'chilamulo chawo moyo wa munthu ukakhala pangozi, malamulo a Sabata amapatuka. Sindinafunse chimene Bobba ananena tsiku lija. Koma ndimakhulupirira kuti munthu amene chaka chilichonse amatchula mayina a azakhali ake amene anasowa wowatsegulira chitseko, sakanatha kupitiriza kudya.

Ndikudziwa kuti masiku ano dzina la Israel likatchulidwa mitima imagawanika, makamaka kuno kwathu kumene ambiri akumva kuwawa ndi zimene zachitikira anthu a ku Gaza kuyambira mu Okutobala 2023. Inenso zimandiwawa, monganso amandiwawa amene anaphedwa pa 7 Okutobala. Sindikulemba za boma lililonse. Ndikulemba za nyumba imodzi imene ndinagwiramo ntchito, yokhala ndi zabwino zake ndi zofooka zake. Malipiro anga sanakwere chifukwa cha ulendo wa ku Marlboro, ndipo patebulo lija sindinakhalepo ngakhale tsiku limodzi. Koma msuweni wanga ali moyo, akusoka pa Ulongwe.

Ndinabwerera mu Disembala 2008. Katapila ndinabweza, ndinagula malata, ndipo patapita nthawi ndinabwerera m'kalasi, ulendo uno ku Balaka. Apa ndiye pali manyazi anga. Aliyense amene anandifunsa ndinamuuza kuti ku Joni ndinkaphunzitsa pasukulu ina yapulaiveti. Ndinauza anzanga mu sitafurumu, ndinauza inu ana asukulu, ndipo ena mwa inu munapita ku Joni mutamva kukoma kwa nkhani zanga. Ndinachita zomwe anachita amalume. Iwo anabwera ku Theba ndi njinga, wailesi, bulangete ndi chifuwa chosatha. Za njinga tinamva, za chifuwa sananene mpaka chinawatenga. Tonse timabwera ndi sutikesi n'kusiya nkhani pa Beitbridge. Ndiye mwana wotsatira amanyamuka ali m'chimbulimbuli, kukagwa m'dzenje lomwe tinagwamo ife.

Si za ku Joni zokha. Njala ya 2002 tinaiona ndi maso, tinadya gaga, ena anadya mizu, tinaika anthu m'manda. Ndani mwa ife anakhazikapo ana ake pansi n'kuwauza mmene zinalili? Agogo anaona ya 1949, anapita nayo kumanda. Namondwe Freddy wa mu Malichi 2023 tayamba kale kumutchula ngati funso la Geography. Zowawa timazikwirira, timati zapita, kukumba n'kuitana tsoka. Anthu amene ndinawagwirira ntchito amaziika pambale kamodzi pachaka, n'kuuza mwana kuti alawe.

Nditanamiza mnyamata wa ku Israel uja, sindinagone bwino. Mawu a akuluakulu amakoma akagonera: a Bobba anagonera zaka zoposa 15. Nthawi yokolola itafika ndinapempha mayi a kunyumba kuti aphike nsima ya gaga, ndiwo zake mchere ndi madzi basi. Iwo ankadziwa zoona kuyambira kale, anandisungira chinsinsi zaka zonsezi. Pamphasa ndinaikapo sutikesi yachitsulo ya amalume ndi ovolosi yanga yobiriwira imene inali pansi pa bedi. Sindinafune kubera anthu mwambo wawo, Pasika ndi yawo. Ndinangobwereka nzeru yake. Sindinanene kanthu. Tinakhala chete mpaka wamng'ono, wa Sitandade 3, anakwinya nkhope n'kufunsa, "Ababa, lero tikudya zimenezi chifukwa chiyani? Chimanga chilipo." Ndinayamba pamenepo.

Tinafika pakati pa usiku. Funso lovuta linachokera kwa woyamba uja, amene ndinamusiya ali ndi miyezi isanu ndi itatu, pano ndi mtsikana wamkulu. Anagwira ovolosi ija n'kunena kuti, "Ndiye malata awa anachokera m'chovala ichi. Nanga munkabisiranji?" Ndinalibe yankho labwino. Ndinati ndinkaopa kuti anthu asiya kunditcha aphunzitsi. Iye anati, "Ine ndikanakonda kudziwa."

M'kalasi nanenso ndasintha pang'ono. Ndikamayamba mutu watsopano ndimabwera ndi chinthu, kaya ndi unyolo wakale, kaya ndi chiphaso cha amalume cha ku migodi, n'kuchiika patebulo osanena kanthu mpaka wina afunse. Masiku oyamba tinkangoyang'anana mphindi zisanu zathunthu, ana akuganiza kuti aphunzitsi zawasokonekera. Pano amafunsa, ndipo nthawi zina amafunsa zimene sindikuzidziwa. Wa kubenchi yakumbuyo ndimapita kukakhala naye n'kumuyambira ine. Silabasi imachedwa, sindikana, ndipo ahedi anandifunsapo za zimenezi. Pogwira mutu wa malonda a akapolo ndimawatuma akafunse agogo awo kuti mbumba yawo inafika bwanji pamene ili. Ena amabwera ndi nkhani zoti simungazipeze m'buku lililonse, ena amabwera atakalipiridwa. Zonsezo ndi phunziro.

Mnyamata uja ndinamulembera n'kumuuza zoona. Anangoyankha kuti, "Aphunzitsi, inenso kunyumba ndinawauza kuti ndimayendetsa thirakitala. Ndimathyola tsabola." Ndinamuuza kuti agule kope, azilemba zonse: kutentha kwa m'mashedi, ma siren, kusungulumwa kwa Loweruka, ndi zabwino zomwe. Akadzabwera adzawerengere ang'ono ake asanawaonetse foni yatsopano.

Kwa inu amene ndinakunamizani, pepani. Ndachedwa, koma ndinaphunzira kwa madamu aja kuti kupepesa kumachita kupitira munthu. Amene muli ku Joni, ku Cape Town, ku Israel kapena kwina kulikonse, ntchito imene mukugwira ndi imeneyo, musaipake utoto. Ndipo aphunzitsi anzanga, mawa mukafunsa kuti "Pali funso?", dikiraniko pang'ono musanafufute bolodi.